Mir ndi Peace: Mawu a Kuyanjana ndi Kuvomereza m'Chirasha ndi m'Chingerezi

Pali zinthu ziwiri zimene munthu aliyense amakumana nazo: kuyanjana ndi amene anayambana naye, ndi kuvomereza zimene sangazisinthe, monga imfa, matenda ndi ukalamba. Pulogalamu ya lero ikuunika mawu amene Chirasha ndi Chingerezi zimatchulira zinthu ziwirizi. Mfundo yaikulu, imene ibwerezedwa kangapo, ndi yakuti Chirasha chimamanga zonse ziwiri pa tsinde limodzi, pamene Chingerezi chimazimwaza m'mawu ambiri, ndipo ochuluka mwa mawuwo anachokera kukhoti, kumsika ndi m'mabuku a ngongole. Nkhani iyamba ndi Chirasha, kenako Chingerezi, ndipo itsiriza ndi malo amene zinenero ziwirizi zimakumana n'kusemphana.

Tsinde la Chirasha ndi liwu lalifupi kwambiri, mir. Tanthauzo lake loyamba ndi mtendere. Lachiwiri ndi dziko lonse lapansi pamodzi ndi anthu ake. Kale linali ndi lachitatu: m'midzi ya alimi ya ku Russia, m'nthawi ya mafumu, mir unali msonkhano wa mudzi umene unkagawira mabanja minda, kutolera msonkho ndi kuweruza timilandu ta pamudzi. Mpaka lero, anthu akasonkherana kuti amangire mnzawo nyumba imene yapsa, amati achita vsem mirom, kutanthauza kuti agwira ntchitoyo onse pamodzi.

Mpaka chaka cha 1918, mtendere ndi dziko zinkamveka chimodzimodzi m'khutu koma zinkasiyana papepala. Chirasha chinali ndi zilembo zingapo za i. Mir wa mtendere ankalembedwa ndi chilembo chooneka ngati N wotembenuza, pamene mir wa dziko ankalembedwa ndi i wa kadontho pamwamba. Boma latsopano la Bolshevik litakonza kalembedwe, i wa kadontho anachotsedwa, ndipo mawu awiriwa anakhala amodzi ngakhale m'maso. Apa ndi pamene panabadwira mtsutso wotchuka wokhudza buku la Leo Tolstoy lotchedwa Voyna i mir, limene linamalizidwa kusindikizidwa mu 1869. Ena amati Tolstoy ankatanthauza nkhondo ndi anthu a m'dziko, osati nkhondo ndi mtendere. Ganizoli ndi lokoma kulimva, koma mabuku amene anasindikizidwa mwini wake ali moyo ali ndi chilembo cha mtendere pamutu pake. Amene anasankha dala chilembo cha dziko ndi mlakatuli Vladimir Mayakovsky, pa ndakatulo yake ya mutu womwewo ya m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Boma la Soviet Union nalo linkakonda kusewera ndi liwuli. Pa zikwangwani zake pankalembedwa miru mir, mtendere ku dziko, ndipo siteshoni yake ya mumlengalenga imene inazungulira dziko kuyambira 1986 mpaka 2001 inkatchedwa Mir.

Tsopano nkhani ifika pa aneni, pamene pali phata la pulogalamu ya lero. Kuchokera ku mir, Chirasha chimapanga mneni mirit, kuyanjanitsa anthu ena. Ankhoswe a ku Malawi akanakhala kuti amalankhula Chirasha, ntchito yawo ikanatchulidwa ndi mneni ameneyu. Kumapeto kwake kukaikidwa kachidutswa kakuti sya, pamatuluka miritsya. Kachidutswaka kamabweza ntchito kwa oichita, ndipo pano kakugwira ntchito yofanana ndi ya ana m'mawu a Chichewa monga kukondana ndi kuyanjana. Choncho miritsya ndi kuyanjana.

Koma miritsya yemweyo alinso ndi tanthauzo lina. Munthu atha kunena kuti sangathe miritsya ndi chinyengo, ndipo apa sakunena za kugwirana chanza ndi wina aliyense. Akunena kuti sangalolere chinyengo. Mneni mmodzi, wotsatiridwa ndi kaliwu kamodzi komweko, s, kotanthauza ndi, amagwira pa mbale wake wa munthu komanso pa umphawi wake. Zimene zimasiyanitsa matanthauzowa ndi tizidutswa ta kumayambiriro, ndipo ndi titatu tofunika kutimvetsera bwino.

Koyamba ndi po. Pomiritsya ndi kuyanjana ndi munthu mkangano utatha: mwamuna ndi mkazi wake, ana awiri, anansi olimbirana malire. Ndi liwu la tsiku ndi tsiku, ndipo siligwira pa matenda kapena pa imfa. Kachiwiri ndi pri. Primiritsya ndi liwu lolemererapo, ndipo limayenda mbali zonse ziwiri: adani akale atha primiritsya, ndipo wamasiye athanso primiritsya ndi imfa ya mwamuna wake. Kachitatu ndi s. Smiritsya ndi kusiya kulimbana, kuweramitsa mutu pamaso pa chinthu chimene chakukulira mphamvu. Munthu akanena kuti wachita smiritsya ndi mnansi wake, omvera ake samva kuti awiriwo ayanjana. Amamva kuti watopa, wasiya kuyesa kumusintha, ndipo angokhala naye momwemo. Kubwereza mwachidule: po ndi wa anthu, s ndi wa zosasinthika, pri ndi wa zonse ziwiri.

Pomiritsya ali ndi miyambo yake yooneka ndi maso. Ana a ku Russia akayambana pamasewera, amakolana tizala tawo ta kumapeto, n'kumagwedeza manja uku akunena kandakatulo kolonjezana kuti samenyananso. Tindakatulo totere timatchedwa mirilka. Akuluakulu ali ndi tsiku lawo mu mpingo wa Orthodox: Lamulungu lomaliza nyengo ya Lenti isanayambe, limene limatseka sabata ya chikondwerero cha Maslenitsa. Tsiku limeneli anthu amapemphana chikhululuko, m'tchalitchi, m'nyumba ngakhale pa foni. Wina amati prosti menya, undikhululukire, ndipo yankho lozolowereka ndi Bog prostit, Mulungu akhululuka. Liwu lotsanzikira munthu amene sudzamuonanso msanga, proshchay, linachokera ku mneni yemweyu wa kukhululuka. Palinso mwambi wawo wonena kuti mtendere woipa umaposa mkangano wabwino.

Smiritsya ndiye amafuna nthawi yochulukirapo, chifukwa dzina lochokera kwa iye, smireniye, ndi limodzi mwa mawu ovuta kwambiri kuwamasulira m'Chirasha chonse. Mu chiphunzitso cha mpingo wa Orthodox, smireniye ndi khalidwe lapamwamba, mdani wa kunyada. Muli kudzichepetsa, muli kupirira, mulinso kulandira mavuto mopanda kuwawidwa mtima, pokhulupirira kuti Mulungu akudziwa chifukwa chake. Munthu wa smireniye sali ngati wogonja amene akukukuta mano. Mtima wake uli phee. Mu 1880, pa mwambo wokumbukira mlakatuli Alexander Pushkin mumzinda wa Moscow, Fyodor Dostoevsky analankhula mawu amene anagwedeza omvera, ndipo pakati pa mawuwo anaitana munthu wonyada kuti adzichepetse, pogwiritsa ntchito mneni yemweyu.

Chodabwitsa n'chakuti smireniye sanabadwire m'banja la mir. Akatswiri ofufuza chiyambi cha mawu, monga Max Vasmer amene analemba dikishonale yaikulu ya magwero a mawu a Chirasha, amasonyeza kuti m'chinenero chakale cha tchalitchi liwuli linkachokera ku mera, muyeso. Poyamba linkatanthauza kudzichepetsa mpaka pa muyeso wako woyenera. Koma popeza linkamveka pafupi ndi mir, anthu analikokera komweko, katchulidwe kanasintha, tanthauzo nalo linatengera mtendere. Lili ngati mlendo amene wakhalitsa pamudzi mpaka ana kumamuyesa malume awo enieni. Zofananazo zinachitikira dzina la Vladimir, limene anthu ambiri amalimasulira kuti wolamula dziko kapena wolamula mtendere, chonsecho chigawo chake chomaliza chinali liwu lina lakale lotanthauza ukulu.

Banja la mir lili ndi mbali yake yowawa. Usmirit ndi kugonjetsa ndi mphamvu, monga momwe asilikali amathetsera kuukira. Msilikali wamkulu akafuula kuti smirno, onse amaima njo. Chovala chomangira manja odwala misala amene akuvuta chimatchedwa smiritelnaya rubashka, malaya ofatsitsa. Ndipo dzina la Smirnov, limodzi mwa mayina a mabanja ofala kwambiri ku Russia, linachokera ku liwu lotanthauza wofatsa. Ndi dzina lomwelo limene lili pa botolo la mowa wa Smirnoff, ngakhale kuti mowawo sudziwika ndi kufatsitsa anthu.

Katswiri wa zinenero Anna Wierzbicka, wobadwira ku Poland amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Australia, analemba za smireniye m'buku lake la mu 1992, ndipo anaona m'liwuli chizindikiro cha momwe chikhalidwe cha Chirasha chimaonera tsoka ndi kuvutika. Kufotokoza kwake kwa liwulo ndi kothandiza, koma kuchoka pa liwu n'kufika poweruza mtima wa mtundu wonse ndi ulendo woterera. Anthu omwewo amene ali ndi smireniye ndiwo anagwetsa ufumu wawo mu 1917. M'chinenero cha chipani cha Komyunizimu, primirenchestvo, mtima wofuna kuyanjana ndi otsutsa, chinali chitonzo choopsa, pamene neprimirimy, wosayanjanitsika, linali liwu lotamanda. Tsinde limodzi lomwelo linali ulemu m'tchalitchi ndi mlandu m'chipani. Omvera angaganizire za mawu a kwawo monga kupirira ndi kufatsa: ndi liti pamene amatamanda munthu, ndipo ndi liti pamene amangomutseka pakamwa?

Apa pulogalamu ikuwolokera ku Chingerezi. Paja mfundo ija ndi yakuti Chirasha chimasonkhanitsa, Chingerezi chimamwaza.

Liwu la peace ndi lobwera. Angerezi akale anali ndi mawu awoawo awiri, frith ndi sibb. Frith anatsalira m'mayina monga Wilfred, ndipo mbale wake akadali moyo m'Chijeremani, m'liwu la Frieden. Sibb ankatanthauza mtendere komanso ubale, ndipo anatsalira m'liwu la sibling, mbale wobadwa naye. Anabisalanso m'liwu la gossip, limene poyamba linali godsibb, kholo la pa ubatizo, kenako linasanduka bwenzi locheza nalo, mpaka kufika pa tanthauzo la lero la miseche. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha mafumu ndi makhoti, ndipo liwu lawo la pais linakankha mawu akale aja. Pais anachokera ku pax wa Chilatini, amene ndi mbale wa pactum, pangano. Kwa Aroma, mtendere chinali chinthu chomangidwa ndi pangano pakati pa mbali ziwiri.

Fungo la pangano limeneli silinachoke. Liwu la pay, kulipira, linachokera ku mneni wa Chilatini pacare, kukhazika mtima pansi: wobweza ngongole ankakhazika pansi mtima wa mwini ndalama. Mngerezi akavomereza imfa ya mwana wake amati wachita come to terms, ndipo terms ndi mfundo za mgwirizano, zimene amalonda kapena akazembe a nkhondo amakambirana asanasainirane. Liwu la settle limathetsa mkangano komanso limathetsa bilu. Reconcile, lochokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kubwezeretsa pamodzi, limagwira pa banja limene linapatukana, pa sakramenti la kulapa mu mpingo wa Katolika, ndiponso pa ntchito ya akalaliki a zachuma amene kumapeto kwa mwezi amafananitsa buku la ofesi ndi chikalata cha kubanki. Nalonso liwu la truce, kuleka kumenyana kwa kanthawi, ndi mbale wa true, ndipo poyamba linkatanthauza malonjezo. Chirasha pamenepa chimabwereranso ku tsinde lake lija n'kunena kuti peremiriye.

Si mawu onse a Chingerezi amene ali a mu ofesi. Ana ndi okondana amati make up. Kupirira chinthu chosasangalatsa ndi put up with. Bury the hatchet, kukwirira kankhwangwa, ndi mawu ochokera ku mwambo weniweni wa mitundu ya ku North America, monga Iroquois, imene inkakwirira zida pomanga mtendere, ndipo Angerezi okhala kumeneko anaulemba m'zaka za m'ma 1600. Atonement, liwu la m'tchalitchi la chitetezero cha machimo, linamangidwa ndi timawu tiwiri ta Chingerezi chenicheni, at ndi one, kukhala amodzi, ndipo William Tyndale analifalitsa pomasulira Chipangano Chatsopano mu 1526.

Komabe Chingerezi chili ndi mlatho wake pakati pa kuyanjana ndi kuvomereza, ndipo n'kulakwa kunena kuti chilibe. Munthu atha kuchita make peace ndi mchimwene wake, athanso kuchita make peace ndi mbiri yake yakale. Reconcile nayenso amayenda mbali ziwiri, koma amasintha kaliwu kotsatira. Reconciled with ndi kuyanjana ndi munthu. Reconciled to ndi kuvomereza chinthu. Ntchito imene Chirasha chimaipatsa kachidutswa ka kumayambiriro kwa mneni, Chingerezi chimaipatsa kaliwu ka pambuyo pake. Ophunzira a mbali zonse ziwiri amapunthwa pomwepa.

Vuto lalikulu limabuka womasulira akafika pa smireniye. Ali ndi mawu awiri a Chingerezi oti asankhepo, ndipo lililonse limataya theka. Humility, lochokera ku humus, dothi, limagwira kudzichepetsa koma silinena kanthu za kulandira mavuto. Resignation limagwira kulandira mavuto, koma ndi liwu lozizira. Linachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kumatula chidindo kapena kufafaniza, ndipo ndi liwu lomwelo la kalata yosiyira ntchito. Wochita resignation wataya chiyembekezo, pamene wa smireniye, malinga ndi chiphunzitso cha mpingo, wapeza mtendere. Wowerenga Dostoevsky m'Chingerezi amakumana ndi humility pa tsamba lina ndi resignation pa tsamba lina, osadziwa kuti mlembi mwina analemba liwu limodzi.

Gawo lomaliza likuona malo angapo amene zinenero ziwirizi zimatchula chinthu chimodzi.

Oyamba ndi khoti. Ku England, udindo wa justice of the peace unakhazikika ndi lamulo la mu 1361, ndipo peace ameneyu ndi bata la mfumu, limene woweruzayo ankaliteteza kwa osokoneza. Ganizo lomwelo linafika ku Malawi kudzera m'malamulo a atsamunda, ndipo ndilo gwero la mlandu wodziwika wa kuchita zinthu zimene zingasokoneze bata. Russia inakhazikitsa oweruza ofanana nawo mu 1864, mu ulamuliro wa Alexander II, n'kuwatcha mirovoy sudya. Mwa ntchito zawo munali kuyesa kuyanjanitsa okanganawo asanagamule mlandu. Mpaka lero, otsutsana akagwirizana kuthetsa nkhani popanda chigamulo amati apita na mirovuyu. Liwu lomweli la mirovoy limatanthauzanso chinthu cha dziko lonse, kotero kuti nkhondo ya dziko lonse ndi mirovaya voyna, mawu amene mlendo wongoyamba kuphunzira angawamve ngati nkhondo ya mtendere.

Achiwiri ndi mzinda wa Munich. Kumeneko, mu September 1938, nduna yaikulu ya Britain, Neville Chamberlain, inavomera kuti Adolf Hitler atenge chigawo cha Sudetenland ku Czechoslovakia, poganiza kuti nkhondo ipeweka. Chaka chotsatira nkhondo inayamba. Liwu la appeasement, dzina la ndondomeko imeneyi, limene nalonso linachokera ku pais ndipo linali laulemu, linaipiratu kuyambira pamenepo, moti lero ndi mwano pa ndale. Chirasha chimatchula ndondomeko ya Chamberlain ndi liwu la umirotvoreniye, kulenga mtendere, ndipo pa ndale nalo ndi lonyoza. Koma kunja kwa ndale linapulumuka. Likutchulabe bata la mumtima limene munthu amalimva akatha kupemphera, ntchito imene appeasement sangaigwire.

Achitatu ndi chiyanjano cha mtundu wonse. Mu 1996, bungwe la Truth and Reconciliation Commission la ku South Africa, motsogozedwa ndi Desmond Tutu, linayamba kumva maumboni a ozunzidwa ndi ozunza a m'nthawi ya tsankho. Chaka chomwecho, Boris Yeltsin anasintha dzina la tchuthi cha pa 7 November, chimene chinkakumbukira kulanda boma kwa Bolshevik, kuti chikhale tsiku la mgwirizano ndi primireniye, dzina lochokera ku primiritsya. Reconciliation ndi primireniye ndi mawu amene madikishonale amawaika moyang'anizana, koma zochitika zinasiyana: ku South Africa anthu anakhala m'maholo n'kumva zimene zinachitika, pamene ku Russia kunasintha dzina la tsiku. Tchuthicho chinachotsedwa kuyambira 2005, ndipo m'malo mwake munalowa tsiku la umodzi wa mtundu la pa 4 November. Omvera angadzifunse ngati primireniye ameneyu anali wa kuyanjana kapena wa kungovomereza, popeza liwulo limalola zonse ziwiri.

Omaliza ndi chipatala. Mu 1969, dokotala wa matenda a maganizo Elisabeth Kübler-Ross, wobadwira ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku Chicago, anatulutsa buku lofotokoza magawo asanu amene anawaona mwa odwala oyandikira imfa: kukana, mkwiyo, kunenerera, kukhumudwa kwakukulu, ndipo lomaliza analitcha acceptance. Liwuli linachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kutenga chimene wapatsidwa, ndipo lilibe fungo la kugonja kapena la chipembedzo. Chirasha chinali kale ndi smireniye, ndipo olemba ena amaligwiritsadi ntchito pa gawo lachisanuli. Koma liwu limene linafala pakati pa akatswiri a maganizo ku Russia ndi prinyatiye, lochokera ku mneni prinyat, kulandira, amene amagwiranso pa kulandira alendo, kumwa mankhwala ndi kupanga chiganizo. Liwu limeneli silichokera ku mir. Lero wodwala mmodzi ku Moscow atha kumva smireniye kwa wansembe ndi prinyatiye kwa mlangizi wa kuchipatala, onse awiri akunena za matenda omwewo.